Ukonde wokolana ndi ngongole zokolana: poyambira pake tisanathamangire mpeni

Amene mumatchera matchela, maukonde aja ogona m'madzi usiku wonse, kuyambira ku Malombe kukwera ndi Shire mpaka Namiasi, Makawa, Monkey Bay ndi ku Msaka uko, vuto ili silachilendo kwa inu. Dzuwa latuluka, anzanu awonjola kale nsomba amayi ogula akulimbirana mitengo, inu muli khale pamchenga ndi mulu wa ukonde woti poyambira pake sipakuoneka. Zikachitika kamodzi pa nyengo palibe nkhani, nyanja ndi choncho. Koma zikamabwerabwera sabata iliyonse ndiye kuti pali chimene chikulakwika, ndipo kawirikawiri chimakhala chinthu chimodzimodzi chomwecho tsiku ndi tsiku, bola kungochipeza.

Tiyambe ndi mulu uli patsogolo panuwo kaye, zoyambitsa tizione pambuyo.

Osakoka. Ndikudziwa kuti mtima umakhala uli m'mwamba, simunagone, njala yakupwetekani, nde dzanja limangofuna kugwira pomwe paoneka kansonga nkukoka mwamphamvu, koma apo ndi pomwe ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse. Zambiri zimene timaziona ngati mfundo pa ukonde wokolana si mfundo zenizeni ayi. Nsonga ziwiri zija zinali zomanga, ina ku nangula ina ku chigubu cha chizindikiro, sizinalowe paliponse. Chomwe chachitika nchakuti maso alowa m'maso anzake, mwala wadutsa pa diso ili nkukatulukira pa diso lina, chingwe chapindika nkulowa pomwe chinzake chapindika. Zoterezi zikakhala zokhwepa zimatuluka momwe zinalowera. Mukangokoka zimalumana, nayiloni amatsinana, pamenepo ndiye mfundo yeniyeni mwaimanga nokha ndi manja anu.

Choyamba sesani malo. Mchenga wa magombe athuwa umakhala ndi timitengo, zidutswa za bango, minga ya nsomba, zivindikiro za mabotolo, ndipo kamtengo kamodzi kokha kamatha kugwira maso ambirimbiri nthawi imodzi. Ngati muli ndi tenti yakale kapena pulasitiki yayikulu yalani pansi. Kenako musayambe ndi maso, yambani ndi chingwe chakumwamba chija chokhala ndi zoyandamitsa. Chimenecho nchokhuthala, chimaoneka, ndipo ndicho chimakuuzani kuti ukonde ukuyenda chotani. Chitsatireni pang'onopang'ono, gawo lomwe lamasuka mulimangirire pamtengo kapena mwana aligwire chapatali kuti lisabwererenso mumulu. Chingwe chakumwamba chikawongoka, cha miyala chimadzilendewera chokha, ndiye mumaona bwinobwino kuti apa mwala unalumphira uku, apa nkhanu inapota.

Pomwe pavuta kwambiri masulani miyala kaye. Anthu amachita ulesi pa ichi chifukwa kumanganso ndi ntchito, komatu mwala ndi umene umasoka ukonde molakwika, ukachoka theka la vuto latha. Mukatero gwirani pakati pa mfundoyo ndi manja awiri, muziitambasula kuti ikule, muziigwedeza, zala zizilowa mkati, musamaifinye. Ukonde ukhale wonyowa, wouma umakakamira ndipo umacheka zala. Ndipo chonde, nsonga musamailowetse m'mabowo pongoganizira, chifukwa ngati sinalowe pokolana ndiye kuti siyenera kulowa pomasula. Kuona maso a nkhono nkudekha, akuluakulu sananame, ndipo muona kuti pagombe lililonse amene amamasula msanga ndi madala aja okhala phee pamthunzi osayankhula zambiri, osati anyamata a mphamvu.

Anthu awiri akwana, atatu ngati ukonde uli wautali. Kupyola apo aliyense amakokera kwake. Usiku ndi tochi ya pafoni musayese, dikirani kuche.

Mpeni ndi womaliza. Ukafika poti palibenso kuchitira mwina, dulani maso ochepa okhawo amene agwira, osati kuzula chibuluma chonse, ndipo chingwe chakumwamba ndi chapansi musadule pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi. Bowo lomwe latsala mulikonze m'mbali mwake likhale loongoka musanasoke, ndipo diso losokererapo lifanane kukula ndi anzake. Mukasoka maso aang'ono pakati pa aakulu ukonde umakhwinyata pamenepo, ndipo mawa ukakolananso pomwepo.

Nanga bwanji zikubwerabwera?

Yang'anani mmene wakolanira, umanena wokha chomwe chaupweteka.

Ngati mukupeza kuti miyala yalowa m'maso a kumwamba, pafupi ndi zoyandamitsa, vuto silili m'madzi, lili m'boti. Ndi kalongedwe povuula. Anthu atopa, kukuzizira, aliyense akungoponya pansi chilichonse chomwe chabwera m'manja, mwala uku choyandamitsa uku zonse pamodzi, nde madzulo potchera zikutuluka zitakumbatirana kale. Pofunika pakhale wina wogwira chingwe chakumwamba aziunjika mbali imodzi, wina wa miyala mbali inayo, maso agone pakati. Onaninso miyala yakeyo. Mwala wosongoka kapena womangidwa ndi kachingwe kotalika umalendewera nkumalowa paliponse, umafunika wosalala, wokulirapo kuposa diso la ukonde, womangidwa pafupi ndi chingwe. Msomali wotuluka pa thabwa la boti, mng'alu wa m'mphepete mwa bwato, ngakhale batani la malaya, zonsezi zimagwira ukonde potchera ndipo mlovi, wantchito wa m'boti uja, akaukoka kuti uchoke ndiye wayambitsa kale.

Ngati ukonde ukubwera utapotana wonse kutalika kwake, chakumwamba ndi chapansi zitazungulirana, pali zinthu ziwiri. China ndi chingwe chatsopano. Chingwe chochokera kusitolo chimakhala ndi mapotedwe ake, ndipo mukachisolola cham'mbali pa mkukuluzi wake m'malo mougubuduza, kuzungulira kulikonse kumasiya kupota kumodzi m'chingwemo. Chikalowa m'madzi chimafuna kudzimasula ndiye chimazungulira ndi ukonde womwe. Musanamangirepo ukonde chikungeni pakati pa mitengo iwiri chigone choncho, kapena chikokeni kumbuyo kwa boti chopanda kanthu kunsonga kuti chidzipotokole chokha. China ndi kulemera. Miyala ikachepa, kapena zoyandamitsa zina zaduka simunabwezeretse, ukonde suima chilili, madzi apansi akamayenda amaugubuduza. Izi zimachuluka nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pomwe pamwamba pali mafunde pansi napo madzi akukoka. Nangula wopepuka amakhukhuluzika usiku wonse, nsonga ziwiri zija nkuyandikana, ukonde nkudzipinda wokha. Nyengo imeneyi onjezani mwala wa nangula, chingwe chake chitalike kuposa kuya kwa madzi kuti chigone chopendekeka, ndipo potchera lolani mphepo izikankha boti kuchoka pa ukonde osati kulikankhira pamwamba pake. Mpoto ukayamba nthawi ya dzinja mbali yoyambira imasinthanso, musamangotchera mwachizolowezi.

Ngati kukolana kuli apa ndi apo, timibulu timibulu, ndi nsomba zimenezo. Kampango ndi mlamba zikakodwa sizikhala chete, zimagubuduzika mpaka zitadzikulunga. Nkholokolo ndiye imaimika minga yake itatu ija nkuikhoma, simungaitulutse chobwerera, thyolani mingayo ndi pulayala kaye koma mosamala chifukwa ikakubayani dzanja limatupa. Nkhanu imabwera kudzadya nsomba yomwe yafa kale mu ukonde. Nde mukamaona nkhanu zambiri dziwani kuti ukonde ukukhalitsa m'madzi, mukuchedwa kukavuula. Ku Malombe ndi mu Shire onjezanipo namasupuni ndi zidutswa za gumbwa zoyenda ndi madzi, mukaona zikutsika zambiri bola kusintha malo tsiku limenelo.

Pali anzathu ena zikangochitika kawiri katatu amati pali munthu wandichita, nkuyamba kuyang'ana moipa mnzawo wa boti loyandikana nalo. Sindikunyoza chikhulupiriro cha munthu, koma ndikupempha kuti musanatchule dzina la wina aliyense yambani mwawerenga zoyandamitsa zanu, mwaona miyala, mwaona chingwe. Chibale chambiri pagombe chatha chifukwa cha mwala womangidwa molakwika, ndipo zimandiwawa.

Za ukonde wa pulasitiki wowonekera uja, wa monofilamenti, sinditaya nthawi. Ndi woletsedwa, a zausodzi akaupeza amalanda nkuwotcha. Umakolana msanga, ukapindika suwongokanso, kusoka kwake nkovuta nde anthu amangoudula nkuutaya m'madzi, komwe umapitiriza kupha nsomba zoti palibe munthu adzadye ndi kukola maukonde a ena. Chimodzimodzi neti ya udzudzu, malo ake ndi pabedi. Nayiloni wabwinobwino naye amaopa dzuwa, mukamuyanika pamchenga wotentha tsiku lonse amauma nkuyamba kuthothoka, bola pamthunzi podutsa mphepo, ndipo posunga mupachike m'mwamba makoswe asamupeze.

Ukakodwa pansi pamadzi

Apa ndiye ndikufuna mumve bwino chifukwa apa pamafa anthu. Chichokereni namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndi mvula zotsatira, nyanja inakwera mpaka mu 2024 inapyola mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Madzi amenewo anamiza mipanda, zitsa, mawaya, maziko a nyumba, ndiye malo amene bambo anu ankatchera popanda vuto lero pansi pake pali zina. Ukonde ukakana kubwera musaumangirire ku boti nkuyatsa injini kuti muuzule. Mung'amba ukonde, kapena choipa kwambiri boti lipendekeka mafunde nkulowa. Lekererani chingwe, zungulirani mupite mbali ina ija yomwe ukonde unachokera pokodwa, mukokere chobwerera pang'onopang'ono mukugwedeza. Zikakanika pitani kunsonga inayo muvuule kuchokera uko mpaka mufike pokodwapo, kuti ngati nkudula mutaye kagawo kochepa. Mukatero malowo muwasunge m'mutu poyang'ana phiri ndi mtengo wa kumtunda, ndipo auzeni anzanu, musabise.

Kumira kuti mukaukole ndi manja ndi chinthu choti muganize kawiri. Ku Malombe anyamata a khoka la nkacha anazolowera kumira chifukwa nyanja yake ndi yosaya, koma ngakhale wozolowera ukonde ukamugwira chala chaphazi kapena lamba sangadzimasule mpweya usanamuthere. Ngati wina akumira, avule chilichonse chokhala ndi batani kapena zipi, atenge mpeni wakuthwa, m'boti mukhale munthu amene ntchito yake ndi kumuyang'ana yekhayo basi, injini ikhale yozima. Mu Shire ndi m'mabango momwe muli ng'ona ndi mvuu musamire nkomwe, ukonde umagulidwa. Potchera paja musamakulunge chingwe padzanja kapena kuponda pakati pa chingwe chokulungidwa, mwala wa nangula ukamatsika umatenga ndi mwendo womwe. Ana amene timawatenga kuti aziphunzira, ichi chikhale choyamba kuwauza. Kuzilumba za paki monga Boadzulu, Thumbi ndi Domwe miyala yake imadya maukonde, komanso paki ya Lake Malawi chikhazikitsireni mu 1980 salola kuwedza pafupi ndi gombe lake, nde kumeneko mutaya ukonde kawiri.

Chingwe chikalowa ku pulopela zimitsani injini kaye, chotsani kachingwe kozimitsira kaja kuti wina asailize mwangozi, kenako muitukule. Musayese kuika rivesi kuti chidzimasule, chimangolowerera. Mukachotsa chooneka musakhutire, mukafika kumtunda masulani pulopela muone kumbuyo kwake, chifukwa ulusi wa nayiloni umabisala pa shafiti nkumadya labala yotseka mafuta. Ikadyeka madzi amalowa mu giya, ndipo mukatsitsa oyilo mupeza wasanduka wotuwa moyererako. Mukaona choncho pitani kwa makaniko musanabwerere pamadzi, labala ndi yotchipa kuyerekeza ndi giya yonse.

Nanga ukonde wanu ukakolana ndi wa munthu wina? Zimachitika kwambiri malo akachepa, wina watchera chopingasa pamwamba pa mnzake mumdima, kapena a khoka la chilimira potsata usipa ndi nyali zawo siginala, wowatsogolera uja, sanaone chigubu chanu. Amene anatchera pambuyo ndiye ali pamwamba, avuule ndi iyeyo choyamba. Mwini wake palibe, musadule wake. Kwezani zonse ngati zikutheka mukamasulire kumtunda pamaso pa anthu, nsomba za mu ukonde wake zikhale zake. Ngati mafunde akukukakamizani kudula, dulani wanu, kapena mukadula chingwe chake mulumikizenso nkumangirira chigubu kuti asataye, ndipo mukafika kumtunda kanene ndinu musanafunsidwe. Makomiti a pagombe aja a BVC, omwe anayambira ku Malombe konkuno mu 1993 ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linapereka mpata woti asodzi eniake azitenga nawo mbali poyang'anira nyanja, ntchito yawo ina ndi imeneyi. Boti lalikulu lokoka likakudulirani usiku, lembani tsiku, nthawi ndi malo, pezani mboni, mupite nazo ku BVC ndi ku ofesi ya zausodzi. Kukalipa pagombe kokha sikubweza ukonde.

Kukolana kwina kuja kosaoneka ndi maso

Ukonde umene tikumasulawu ambirife sitinagule ndi ndalama yathu. Apa ndi pomwe pali kukolana kumene kumandidetsa nkhawa kuposa kwa nayiloni, chifukwa kumagwira banja lonse ndipo munthu amayenda nako chinunu akuseka ndi anzake pa bawo.

Mmene zimayambira mukudziwa. Ukonde munatenga ndi ndalama ya mayi wogula nsomba, pangano loti muzimugulitsa iye yekha pamtengo wake. Petulo mukutenga pangongole kwa wogulitsa m'zigubu. Injini itawonongeka akazi anu anakatenga ku banki mkhonde m'dzina lawo. Tsiku lobweza litafika nsomba kulibe, mwera wavuta, nde munapita kwa wakatapila kuti mutseke ku banki mkhonde. Wakatapila atayamba kuyimba foni munatenga ngongole ya pafoni, yanu itadzadza munabwereka simu ya mlamu wanu. Alovi nawo anatengeratu ya mawa. Boti lenilenilo theka ndi la achimwene anu ali ku Joni omwe amatumiza ndalama nkumafunsa pa WhatsApp kuti bizinesi ikuyenda bwanji, inu nkumati ikuyenda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa ukonde, petulo ndi zipangizo za injini unakwera, koma chambo m'nyanja sichinachuluke. Palibe ngongole imodzi mwa izi imene inali yopusa payokha, iliyonse inali ndi chifukwa chomveka, kungoti iliyonse yalowa mwa inzake.

Zizindikiro zake ndi izi: mukubwereka kuti mubweze kwina, foni ikalira nambala yosadziwika mtima ukugunda, mukuzungulira njira kuti musadutse pa golosale ina yake, ndipo mutafunsidwa kuti zonse pamodzi ndi zingati simungayankhe. Chomalizachi ndiye chachikulu.

Machitidwe ake ndi omwe aja a pamchenga. Kukoka ndi kutenga ngongole ina yatsopano kuti mupume sabata imodzi, ndiye lekani kaye zimenezo, ngakhale wina akulonjezeni kuti yake ndi yofewa. Kenako yalani zonse poyera. Gulani kope, mukhale pansi ndi akazi anu kapena amuna anu, mulembe aliyense amene munamukongola ndalama, zingati, chiwongoladzanja chake, tsiku lobweza, chikole chomwe munapereka, ndi dzina la amene anasaina. Zonse, ndi ija mukuchita nayo manyazi yomwe. Tsiku limenelo m'nyumba mukhoza kukhala phokoso, koma bola phokoso la inu awiri kusiyana ndi tsiku lomwe amayi a banki mkhonde adzabwere kudzanyamula ndowa, mapoto ndi matilesi mkazi wanu asakudziwa kuti ndalama inapita kuti. Abambo anzanga, ngongole yotenga m'dzina la mkazi ndi yanu, manyazi ake asamasenze yekha pamaso pa anzake.

Zikakhala pa pepala muona kuti sizofanana. Pali imene ikukula tsiku lililonse, pali imene yangokhala, pali imene yagwira chipangizo chanu chogwirira ntchito, pali imene yagwira chibale. Yokula ija ndiye mwala, iyambe kuchoka ndi imeneyo. Tingoyerekeza, mwatenga K100,000 ya katapila woti pamwezi mumaonjezera theka, ndipo mukalephera chiwongoladzanja chimaberekanso. Mwezi woyamba ndi K150,000, wachiwiri K225,000, wachitatu K337,500. Miyezi itatu yokha, ndipo nyengo yotseka yomwe makoka amaimitsidwa kuti chambo chiswane ikakupezani muli m'menemo ndiye kuti yakula mulibe pogwira. Pomwe ya achimwene anu ikhoza kudikira chaka osakula, chomwe ikufuna ndi chilungamo basi. Ambiri timachita chosemphana, timathamangira kubweza amene akukuwa kwambiri osati amene akutidya kwambiri.

Pitani kwa aliyense tsiku lisanakwane, musadikire kuti akupezeni. Mawu ake savuta: "Mayi, ndabwera ndekha musanandiitane. Ndalama yanu ndikuidziwa, ndi yakuti. Yonse pakamodzi sindikwanitsa, koma Lachisanu lililonse ndizikupatsani yakuti mpaka ithe, ndipo tilembe pamaso pa a mfumu." Nenani ndalama imene mungakwanitse ngakhale sabata ya mwera, osati ya tsiku lomwe usipa wagwa bwino. Kwa wakatapila pemphani kuti chiwongoladzanja chiime pomwe chafikapo, mupite ndi mboni, amalume, a shehe, abusa kapena a komiti, ndipo chilichonse chomwe mwapereka chilembedwe onse awiri musaine. Ambiri amavomera chifukwa nawonso akufuna ndalama yawo osati mlandu. Akakana nkuyamba kuopseza kapena kulanda katundu mwa mphamvu, dziwani kuti khoti lili ndi mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyeso, ndipo a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu amene sangakwanitse loya. Chiphaso cha unzika, khadi la kubanki ndi nambala yachinsinsi ya foni musapereke ngati chikole kwa munthu aliyense.

Kudula kumafikanso, koma dulani mwanzeru. Gulitsani chimene sichibweretsa ndalama, wailesi yayikulu ija, foni yachiwiri, mbuzi, njinga yongokhala, ndipo mugulitse nokha pamtengo wabwino anthu asanadziwe kuti mwapanikizika. Injini ndi ukonde zikhale zomaliza chifukwa ndizo zibweze zotsalazo. Munda wa banja musaugwiritse chikole muli nokha, kuno minda yambiri ndi ya mbumba, mukatero mwakokeramo alongo anu ndi ana awo omwe sanadyeko kanthu. Kuthawira ku Joni usiku nako sikudula, ngongole imatsala pakhomo ndi mkazi ndi ana, kuonjezapo ya thiransipoti.

Amayi ogula nsomba, kwanu kukolana kumabweranso mwina. Mpamba ukatha, kapena nsomba zikasowa pagombe, pamapezeka wina wonena kuti ndikusungira nsomba ukandiganizira. Tonse tikudziwa kuti zimachitika ndipo tikudziwa matenda ndi maukwati omwe zawononga. Limeneli si pangano la malonda, ndipo mukalowamo kutuluka kumavuta chifukwa ndalama, nsomba ndi chinsinsi zimakhala m'manja mwa munthu mmodzi. Gulani pagulu ndi amayi anzanu, musonkhe mpamba, mulipire poyera anthu akuona. Wina akakukakamizani kuli a Victim Support kupolisi, kuli a BVC, kuli amfumu. Ndipo inu eni maboti, mlovi wanu akamachita zimenezi inu mukudziwa nkukhala chete, muli momo.

Chinthu china chomwe sindingachisiye. Ngongole zafikitsa anthu ena poganiza zodzichotsera moyo, makamaka abambo, chifukwa tinaleredwa kuti mwamuna salira. Ngati maganizo amenewo akukubwererani, uzani munthu lero lomwe, m'bale, mnzanu wapamtima, a shehe, abusa, kapena pitani kuchipatala mukanene momwe mukumvera, amathandiza. Ndipo ngati mnzanu wa m'boti wasiya kuyankhula, sakudya, wayamba kugawa zinthu zake, musamuseke, khalani naye pansi mumufunse mwachindunji.

Kuti zisabwererenso, boti la anthu awiri kapena atatu likhale ndi pepala lonena kuti wina anaika zingati, phindu ligawidwa bwanji, injini ikafa akonza ndani. Pachibale pomwe, makamaka pachibale. Mwini boti akamwalira popanda cholembedwa ndi pomwe mumaona akuchimuna, akuchikazi ndi angongole onse agwira chingwe chimodzi aliyense akukokera kwake, pomwe lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ndalama ya tsiku ikabwera chotsani kaye ya petulo ndi ya alovi, kenako kagawo ka ukonde muike padera musanagawane, chifukwa ukonde umatha ndipo tsiku logula wina limadziwika kuti likubwera. Miyezi yomwe nsomba zikugwa bwino muziikako ya nyengo yotseka, ingakhale yochepa. Alovi akatengeratu ndalama zilembedwe m'kope lomwelo iwo akuona, ndipo amene sadziwa kulemba adinde chala pamaso pa mnzake amene amadziwa kuwerenga.